Makina Oziziritsa a Pa Santigie

Ife a ku Kissy kuno tili ndi matenda athu: timalolera kugona ndi njala, bola khoma loyang'ana kumsewu likhale lopentedwa. Koma pa matenda amenewa, Pa Santigie Fofanah (kuno bambo wachikulire timamutchula kuti Pa) ndiwo anali kayakaya.

Atapuma ntchito kudoko, anagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha chibokosi cha makina oziziritsa m'nyumba. M'kati munalibe kanthu, ngakhale kawaya. Anachitsuka bwinobwino n'kuchikhoma pansi pa windo la kuchipinda, poti aliyense wodutsa achione. Kuyambira pamenepo, dzuwa likamaswa mtengo, iwo ankatuluka atavala juzi, n'kumadandaula kuti kuzizira kwa m'nyumba kukuwapweteketsa mafupa. Mkazi wawo, Yeabu, ankangopukusa mutu uku akudzikupiza ndi chivindikiro cha poto.

Kenako kunamveka kuti akubwera a khonsolo. Kale msonkho wa nyumba ankangoganizira, koma tsopano amayenda khomo ndi khomo, osalowa m'kati, n'kumaona zakunja: denga, khoma, khonde, mpanda. Chilichonse chooneka bwino chimakweza mtengo wa nyumba, msonkho n'kutsatira pambuyo. Sabata imeneyo Kissy yense tinasauka mwadzidzidzi. Matanki a madzi tinawafunditsa masaka, mageti abwinobwino anazulidwa n'kukagona kuseri. Pa Santigie nawo anaganiza zochotsa chibokosi chawo, koma akanatani? Anthu akanaona nkhalamba ikunyamula makina olemera ndi dzanja limodzi.

Pakhomo pawo panafika mayi wa khonsolo, Memuna Conteh, akujambula nyumba ndi foni. Anthu anaunjikana monga timachitira, ndipo patsogolo panali Mami Yenoh, wogulitsa nsomba zokazinga tsidya la msewu, amene pakamwa pawo palibe chitseko.

"Denga la malata, khonde, penti," anatero Memuna. "Ndi makina oziziritsa. Amenewa ndiye akukwezerani kwambiri, Pa."

Memuna atatchula msonkho wake, Pa Santigie anawerengera mumtima. Ndi kapenshoni kawo kaja, ndiye kuti chaka chonse adzadya mpunga wa chigwada chopanda ngakhale mutu wa nsomba. Anamukokera mayiyo pambali.

"Mwanangu," ananong'ona, "nanga zitakhala kuti makina ena ake... anatopa?"

"Ngati sagwira ntchito nenani, tiwaone, ndifufute," anayankha Memuna mokweza, poti anthu a boma kunong'ona sakudziwa.

Yeabu anaima pakhomo, maso ali pa mwamuna wake, kuwapempha kuti kamodzi kokha anene zoona. Pa Santigie anayang'ana khamulo, nakokera juzi yawo pansi.

"Osagwira ntchito? Angawa? Lembani, mayi! Ife usiku timafunda mabulangete awiri!"

Apa Mami Yenoh anaphulika nako kuseka mpaka kugwira bondo.

"Iii, Pa Santigie, musadziphe ndi msonkho! Tonse timadziwa. Makina enieni amalira, amadontha madzi. Anuwa zaka zonsezi ali duu, ndipo mpheta zaswamo ana kangapo konse."

"Nonse?" anafunsa Pa Santigie ndi mawu aang'ono.

"Ndi ana omwe. Ndi a imamu omwe."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Tinene kuti tipindulenji? Juziyo imatisangalatsa. Komanso mlendo akasochera timati, mukakhote pa nyumba ya makina. Msewu wonse umalemekezeka nawo."

Anthu anavomereza ndi mitu, ena akubisa mano. Chimene chinawapweteka Pa Santigie sichinali kusekako ayi. Chinali chakuti anthu omwewa m'mawa uliwonse ankawapatsa moni nkhope ili gwa, amvekere, "Kwazizira bwanji m'nyumbamo, Pa?" ndipo iwo ankayankha monyada, osadziwa kuti akuleredwa ngati mwana. Thukuta linayenderera m'kati mwa juzi, ndipo anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire.

Memuna, amene ankayesetsa kuti asaseke, anakweza foni. "Ndiye ndifufute, Pa?"

"Fufutani, mwanangu, fufutani!" anakuwa Yeabu ali pakhomo.

Pa Santigie anakweza dzanja kuti mkazi wawo adikire.

"Mwalemba kale kuti nyumba ya Fofanah ili ndi makina oziziritsa?"

"Eya, Pa."

"Ndipo zikakhala choncho kuofesi? Akuluakulu akaziona?"

"Mpaka tidzabwerenso."

Nkhalambayo inatsitsa dzanja lija.

"Zisiyeni choncho," inatero. "Ndilipira. Mumzinda wonse uno, boma lokha ndilo latsala likundikhulupirira."