Dzina la Apongozi Pansonga ya Phiri

Nurzada wakhala akukweza alendo kumapiri a ku Jyrgalan kwa zaka zisanu ndi ziwiri, koma palibe mlendo anamuimitsapo mutu ngati wa tsiku limeneli. Anali apongozi ake aamuna.

Mdalayo analawirira kuima pachipata, atanyamula matabwa otsetserekera pa chipale chofewa a mwana wawo. Ati ankafuna akaone okha ntchito imene mtengwa wawo amathawira mbale zakuda.

“Phiri limenelo ndadyetsako nkhosa zaka makumi anayi,” anatero. “Lero undisonyeze njira iweyo, mwananga?”

Mpamene panagona nkhani. Mtengwa sayenda patsogolo pa apongozi, sawalamula, ndipo dzina lawo salitchula ngakhale kutulo. Wolitchula, mudzi wonse umati analeredwa kutchire. Chilowereni m'banjamo, dzina loti Esenkul linali lisanatulukepo pakamwa pa Nurzada, ndipo apongozi ake aakazi ankamunyadira nazo pamaukwati. Koma wotsogolera alendo ntchito yake n'kutsogola ndi kulamula.

Alendo enieni anali awiri ochokera mumzinda wa Bishkek, Daniyar dokotala wa mano ndi mkazi wake Meerim. Nurzada anawamatira zikopa kunsi kwa matabwa kuti asamabwerere m'mbuyo pokwera, kenako anaveka aliyense kachipangizo kolira kamene amapezera munthu akakwiririka.

“Belu timaveka mbuzi yotsogola,” anatero mdalayo, akukapapasa pachifuwa. “Ndiye kuti wavomera. Ndatsogola.”

Anatsogoladi. Nurzada ankayenda pambali pawo, phazi limodzi m'mbuyo, akudziswera njira yakeyake m'chipale chofika m'mawondo, thukuta kamukamu. Malamulo onse ankawasandutsa mafunso.

“Bambo, kodi nkhosa zikanafika pano sizikanakhotera kumanzere?”

“Aa, nanga n'kufunsanso? Kumanzere!” Mdala uja n'kukhota monyada, nzeru ngati zawo.

“Bambo, nkhosa zikanadutsa motsetsereka muno zonse pamodzi?”

“Imodziimodzi! Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani chiyani?”

Daniyar anali kumbuyo, lilime panja. “Achemwali, tifika liti kodi?”

“Funsani nkhosa,” anayankha Meerim.

Anafika pansonga dzuwa lili paliwombo. Kunali mbee, mapiri ndandanda mpaka kutali. Anamwa tiyi, anagawana buledi, ndipo Nurzada anayamba kupuma bwino. Anagwada kuti amatulire Daniyar zikopa, poti dokotalayo zala zinali zitakana.

“Uko kuli mwala wanga wafulati,” anamva apongozi akuuza Meerim. “Ndinkakhala pamenepo n'kumawerenga nkhosa zili m'chigwa. Dikira ndikauone.”

Sananame, mwalawo ulipo, m'chilimwe. Koma nyengo yozizira mphepo imaunjika chipale kumapeto kwa phirilo mpaka chimalendewera pamwamba pa phompho, chosalala bwinobwino ngati bwalo, kunsi kulibe kanthu. Wankhosa angazidziwe bwanji, poti chipale chikamagwa iye amakhala atatsika kalekale? Nurzada potukula mutu anaona mdalayo akusesereka kulunjika komweko, ndodo m'manja, akuimba kanyimbo.

“Bambo!”

Mdalayo anangokweza dzanja osacheuka. Liwu loti Bambo anali atalimva tsiku lonse.

“Bambo, kodi nkhosa...” Za nkhosa zinalibenso nthawi.

“Esenkul! Ima pomwepo, iwe!”

Phiri nalonso ndi lamiseche. Linabwereza dzinalo katatu, kuti chigwa chonse chimve. Mdalayo anauma gwa, mwendo umodzi uli kutsogolo.

“Bwerera chafutambuyo, m'mapazi mwako momwemo! Pang'onopang'ono!”

Anabwerera ngati mwana wa sukulu. Nurzada anakwawa chafufumimba, n'kubaya ndodo yake yaitali mapazi awiri kutsogolo kwa pamene anaima. Ndodo inangolowa yonse. Pabowopo pankaoneka mitengo ya m'chigwa, ing'onoing'ono ngati udzu.

Mdalayo anasuzumira, n'kukakhala pansi. Manyazi anamugwira Nurzada tsopano. Ankalakalaka atalowa m'chipale momwemo. Nkhaniyi ikakafika kumudzi, apongozi aakazi aja adzaika pati nkhope?

“Ine sindinamve kanthu,” anatero Daniyar. “Kamphepoka.”

“Ine ndamva kanayi,” anatero Meerim, mwamuna wake n'kumugunda ndi chigongono.

Nurzada anathira tiyi, n'kupereka ndi manja awiri, maso pansi. “Pepani, Bambo. Ndalakwa.”

Mdalayo analandira kapu. Anamwa, anamwanso.

“Amayi ako akhala nane zaka makumi asanu, koma dzina langali sanalitchulepo,” anatero. “Anzanga amene ankandiitana nalo onse ali kumanda. Ana amati Bambo, a m'mudzi amati Achikulire. Wotsiriza kundikalipira nalo chotere anali amayi anga ondibala, nditakwera padenga la khola.”

Anapukuta m'maso, n'kutukwana mphepo. Kenako anaimirira, n'kumatula okha zikopa, n'kukaima kumbuyo kwa Daniyar, kumapeto kwenikweni kwa mzere.

“Tsogola, mwananga. Ndikapotoka undiitanenso. Koma kumudzi usakayerekeze.”