Ndege Yopanda Mchira ndi Kapu Yodzaza

Shavkat ankadziwa yekha kuti ndi chitsiru, ndipo ankayamba kunena yekha anthu asanamuuze. Munthu wa ndevu zake, wobadwira mumzinda wa Tashkent momwe muno, kutha zaka akumanga m'masewera a pakompyuta ndege ya Ajeremani yopanda mchira, imene eni ake anaiyesa pa nkhondo n'kulephera nayo! Anaikopera chilichonse, mpaka injini yozima m'malere. "Anzanga anatengera nzeru za Ajeremani," ankatero, "ine ndinatengera ngozi zawo."

Mkazi wake Dilfuza zitamukwana, ananyamula mwana n'kubwerera kwa makolo ake. Apa nthabwala zinatha. Shavkat anamusowa zedi mkaziyo.

Lachisanu, pochokera ku mzikiti, apongozi ake a Mirzakarim anabwera kudzaona ngati n'koyenera kuti mwana wawo Dilfuza abwerere.

"Mkazi wachiwiri uja ndi ameneyu?" anafunsa akuloza kompyuta.

"Ndi yemweyo, bambo. Saphika, sachapa, ntchito kugwa basi."

Mkuluyo anaseka, mtima wa Shavkat n'kukhala m'malo. Shavkat ananyema buledi, n'kubweretsa tiyi. Kwathu kuno mlendo umamuthirira pang'ono chabe, kuti uzimuwonjezera pafupipafupi. Kumudzazira kapu n'kumuuza kuti amwe azipita, ndipo izi ngakhale mwana amazidziwa.

"Tabwera nayo kuno ndege yakoyo ndiiyese, mkamwini."

A Mirzakarim anafumbata chiwongolero ngati mpini wa khasu. Ndege inanyamuka bwinobwino, kenako inayamba kupendama. Shavkat anali ataima pambali akuthira tiyi, koma maso onse ali pa ndege yake.

"Pang'onopang'ono, bambo, injini yakumanja izima! Ayi, osati choncho! Kumanzere! Aaa, mwaipha!"

Ndege inagwera m'munda n'kuyaka. M'pamene Shavkat anamva kutentha kuphazi. Kapu ya apongozi inali itadzaza kalekale, tiyi akusefukira patebulo mpaka pansi.

Mkuluyo anaiyang'ana kapuyo kwa kanthawi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anasisita nkhope ndi manja awiri monga timachitira tikatha kudya, n'kuimirira.

"Bambo, pepani, sikuti ndikukuthamangitsani! Ndinangoiwala..."

"Ndikudziwa, mwananga," anatero akuvala nsapato pakhomo. "Dilfuza anandiuza kuti iwe suthamangitsa munthu, umangomuiwala ali pompo. Ine ndimayesa akukokomeza."

Shavkat anabwerera m'nyumba akufunafuna nthabwala yoti adziseke nayo, koma sanaipeze. Kompyuta yokha ndi imene inali kumufunsa ngati akufuna kuulukanso.