Dalaivala Wofera kwa Mlaliki

Nikodemo Sakala anayendetsa lole zaka khumi ndi chimodzi pamsewu waukulu wa ku Lusaka, kufikira tsiku limene inagubuduka naye m'mapiri a ku Luangwa, mtedza uli mbwee m'phompho. Anatulukamo wamoyo, koma dzanja lamanzere linauma. Anabwerera kumudzi kwawo, mbali ya ku Sinda, mitunda isanu kuchokera pa Katete, nalowa kalasi ya ubatizo. Patapita zaka zitatu abusa a ku mishoni anamuika kukhala mlaliki, ndipo anampatsa ntchito imene ena onse anaikana: kulalikira madalaivala.

M'mawa uliwonse ankapalasa njinga ndi dzanja limodzi mpaka pamasitolo a pa Katete, pomwe malole ankaima kuti injini zizizire. Ankakhala pakhonde la Che Kassimu, Msilamu wochokera ku Nyasalande, amene anali ndi kasitolo ka mchere, sopo ndi palafini. Awiriwa sanagwirizanepo za Mulungu, ndipo analeka kalekale kuyesa. Madalaivala ankampatsa moni Nikodemo ngati mnzawo wakale, kumufunsa ngati njira ya ku Fort Jameson ikuterera, koma iye akangotsegula Buku Lopatulika ankakumbukira kuti pali tayala lofunika mpweya.

"A Sakala, kodi kumwamba kwanuko msewu wake ndi watala?" ankafunsa choncho Gideon, dalaivala wamtali wokonda nthabwala. "Ngati ndi wafumbi, ine ndisiyeni konkuno."

Zinayenda motero mpaka m'Febuluwale wa 1958, pamene mvula inagwa masiku anayi osakata, nikokolola mlatho wa pamtsinje wa pakati pa mudzi wa Nikodemo ndi Katete. Malole ochokera ku Lusaka anayamba kundanda m'mbali mwa msewu. Pofika tsiku lachitatu analipo khumi ndi anayi, anthu ake makumi atatu kuphatikiza olongedza katundu. Kamba wawo anatha. Katundu wa m'malolemo anali simenti, malata ndi migolo ya mafuta.

Mwezi umenewo ndi wa njala. Chaka chilichonse amayi a mumpingo ankasonkha ufa, nyemba ndi mfutso, aliyense kambale kake, ndipo Loweruka lina ankakhala ndi tsiku la zachifundo: ankayimba nyimbo patchalitchi, kenaka n'kusenza malichero kukagawira amasiye ndi nkhalamba za m'midzi yozungulira. Chaka chimenecho zosonkhazo zinali kale m'chipinda cha kuseri kwa guwa. Kiyi anali ndi Mayi Elina, mtsogoleri wa amayiwo.

Nikodemo anawapeza akusenda chinangwa pakhomo pawo.

"Amayi, anthu aja agona ndi njala kawiri."

"Ndamva," anatero Mayi Elina osakweza mutu. "Ufa uja ndi wa amasiye. Anthu anuwo ali ndi manja awiriawiri. Ndiponso atsikana angati a m'mudzi muno anakwera malole amenewa osabwerako?"

Nikodemo sanatsutse, poti mayina a atsikanawo ankawadziwa. Kenaka anati, "Manjawo ndiwo ndadzera. Minda ya amasiye anuwo yalowa thengo. Wopalira palibe."

Mayi Elina anaika mpeni pansi, namuyang'ana. "Dalaivala kugwira khasu?"

"Onsewo anabadwira kumudzi, amayi."

Anagwirizana kuti theka la ufawo liphikidwe, theka lisungidwe, ndipo wosagwira khasu asadye. Gideon, amene lole yake inali pamzere womwewo, anaseka atamva, koma m'mawa mwake ndiye anali patsogolo, thalauza atapinda mpaka m'maondo. Masiku atatu anapalira minda isanu ndi iwiri, nafolera nyumba ya nkhalamba ina yakhungu imene inkadontha ponseponse. Madzulo dzuwa lisanalowe ankadyera pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. Nikodemo ankapemphera mwachidule, n'kuwerenga mavesi awiri kapena atatu. Ena ankavula zipewa, ena ankangoyang'ana mbale.

Mmodzi yekha sanapite kumunda. Dzina lake anali Musa, bambo wofatsa wa zaka ngati makumi anayi, kwawo ku Nyasalande, kufupi ndi Dedza. Anafika ali kale ndi malungo, ndipo ankagona pansi pa lole yake atafunda chiguduli. Nikodemo anamtengera kunyumba kwake, nam'goneka pamphasa yake. Chipatala chinali tsidya lina, ndipo mtsinje unali ukunyamulabe mitengo yathunthu. Mayi Elina ankabwera ndi phala m'mawa ndi masana, osafunsanso za khasu.

Tsiku lachiwiri m'nyumbamo, Musa anatsegula maso napeza Nikodemo atakhala pambali pake, Buku lili pamwendo.

"A mlaliki, ine ndine Msilamu."

"Ndikudziwa, achimwene."

"Ngati mukupemphera, pempherani. Sindikukuletsani. Koma ndikafa musandiike m'bokosi. Mukaitane anzanga."

Nikodemo anali atakonza mawu ambiri mumtima, mawu amene anaphunzitsidwa kunena kwa munthu amene ali pakhomo la imfa. Anayambapo pang'ono, za mbala imene inapachikidwa pambali pa Yesu. Musa anamvetsera mpaka kumapeto mwaulemu, kenaka anapempha madzi. Atamwa anatchula dzina la mkazi wake, Anifa, ndi la mudzi wawo, ndipo Nikodemo analemba kuseri kwa buku la nyimbo. Sanabwerezenso ulalikiwo. Musa anamwalira m'mawa mwake, anthu akunyamula makasu.

Madzi anali atayamba kuphwera, koma ankafikabe m'khosi. Madalaivala analumikiza zingwe zomangira katundu. Gideon anasambira nacho chingwecho kukachimanga kumtengo wa tsidya, ndipo Nikodemo anaoloka atachikolowekera m'khwapa, dzanja louma lija likungolendewera m'madzi. Mitunda yotsalayo anayenda wapansi.

Che Kassimu anamva nkhani yonse ali chiimire, kenaka anatseka sitolo masanasana. Anang'amba nsalu yoyera pa mpukutu, naitana amuna atatu a kumzikiti. Anaoloka pachingwe chomwecho, nsalu ili pamutu. Anasambitsa mtembo m'nyumba ya mlaliki, Nikodemo atakhala panja pa mtondo wogwadika. Kutacha madzi anali m'chiuno. Asilamuwo anali anayi okha, choncho madalaivala ndi amuna awiri a mumpingo anathandiza kusenza, akulandizana pakati pa mtsinje. Amayi a mumpingo anaperekeza mpaka pagombe. Anayamba nyimbo ya maliro, koma Mayi Elina anawagwira mkono, ndipo anangoima phee mpaka mtembo utafika tsidya. Musa anaikidwa m'manda a Asilamu pa Katete dzuwa lili pamutu.

Patapita masiku awiri anthu a boma okonza misewu anayala mitengo ndi miyala pamalo a mlatho, ndipo malole anaoloka imodziimodzi. Lole ya Musa inatsala mpaka kampani itatumiza munthu wina. Tsiku la zachifundo linachitika Loweruka lotsatira, malichero ali osadzaza. Amasiye ena anadandaula, ena anati chimanga chawo chaka chino chayera m'munsi.

Pamsonkhano wa akulu a mpingo, a Fanwell, mkulu wa zaka zambiri, anaimirira.

"Ndingofunsa, a Sakala. Anthu makumi atatu anadya ufa wa mpingo sabata yathunthu. Analembetsa kalasi ndi angati?"

"Palibe, bambo."

"Nanga uja anagona masiku atatu m'nyumba mwanu?"

"Ndinamuuza Mawu. Anamva. Anafa ali Msilamu."

"Ndiye inu n'kukaitana Asilamu kudzachita mwambo wawo m'nyumba ya mlaliki?"

"Anandipempha, ndipo ndinavomera akali moyo."

A Fanwell sanali munthu wankhanza. Ananena kuti mantha awo anali pa akhristu ofooka, amene angaganize kuti njira zonse n'chimodzimodzi. Ena anavomereza, ena anati mlendo akafera pakhomo pako sumufunsa za kalasi. Nkhaniyo inapita kwa abusa. Abusa sanamudzudzule Nikodemo, komanso sanamuyamikire. Anangoti kumbali ya ku Vubwi kuli midzi yopanda mlaliki, ndipo apite kumeneko akakolola.

M'mwezi wa Juni, akumanga katundu, panafika mayi wina wovala mpango wakuda pamodzi ndi mlongo wake. Anawalondolera ndi Che Kassimu, amene anali atawaonetsa kale manda. Mayiyo anali Anifa, mkazi wa Musa. Kalata imene Nikodemo anamulembera yomuuza za malirowo inamupeza patatha miyezi iwiri.

Anakhala pamphasa pakhonde, nafunsa zinthu zing'onozing'ono. Anagona mbali iti ya nyumba? Ankadya? Anali yekha pamene mzimu unkachoka? Nikodemo anayankha chilichonse monga chinachitikira, ndipo za mbala ya pamtanda ija sanabise. Anifa anangogwedeza mutu. Kenaka anapempha kuona mayi amene ankaphika phala. Mayi Elina atabwera, awiriwo analowa m'nyumba, nakhalamo nthawi yaitali. Zimene anakambirana Nikodemo sanazimve, ndipo sanafunse.

Nikodemo ananyamuka sabata yotsatira. Gideon, amene anamva nkhaniyo pa Katete, anamukweza pamodzi ndi njinga ndi bokosi lake mpaka pamphambano, ngakhale kampani inkaletsa kunyamula anthu. Panjira analankhula za mitengo ya matayala, za Chitaganya, ndi za mwana wa Gideon amene ankadwala chifuwa. Potsika, Gideon anati, "Mwanayo dzina lake ndi Rose, ngati mungamutchuleko popemphera."

"Ndidzamutchula," anatero Nikodemo.

Ku Vubwi anakhalako zaka zisanu. Kanjira ka kumeneko kankaona lole kamodzi pamwezi, nthawi yogula mtedza yokha. Anamanga tchalitchi cha udzu, naphunzitsa akulu ndi ana kuwerenga, ndipo Lamulungu loyamba kunabwera anthu asanu ndi anayi, atatu a iwo ochokera tsidya la malire.