Manja Obwereka

Aleck sanakhale pansi chidzukireni. Anasesa pabwalo, napopa njinga yopopa kale, n'kumangosuzumira kumsewu wa ku Mkanda. Tsikulo kunkabwera a Wezzie, namwino woyendera makanda m'makomo, amene ntchito yawo akuti n'kungokhala phee, kumayang'ana mmene kholo likuchezera ndi mwana wake. Ntchito zinanso, abale.

Mantha a Aleck anali ndi chifukwa. Chimwalirireni mkazi wake Rozi, akuchikazi ankalimbikira zoti adzatenge kamwana kawo, Mwai, poti mwamuna sangalere khanda. Iye ankaganiza kuti namwinoyo akapeza mwana ali m'manja mwa bambo, akagwirizana ndi akuchikaziwo, basi mwana wapita. Ndiye anathamangira kumunda wa mtedza kukabwereka mlongo wake Anasi, n'kumukhazika pamphasa, Mwai pamiyendo.

A Wezzie atafika anapereka moni, nafotokoza kuti iwo sayankhulapo, eni akewo azingosewera ndi mwanayo monga mwa masiku onse. Anasi, mayi wa ana anayi, anayesetsa ndithu: kumuvinitsa, kumuombera m'manja, kumuimbira. Mwai osatekeseka n'komwe. Khosi linali kwa bambo ake, amene ankazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Akalowera kuseri, mwana ankalira. Akatulukira, ankawatambasulira timanja. Aleck ankaziona zonsezo, mtima ukumupweteka koopsa, koma anabisa manja kumbuyo n'kumayang'ana denga la nkhokwe.

Patapita nthawi, a Wezzie anafunsa chapansipansi kuti mwanayo amagona ndi ndani, nanga amamudyetsa ndani. Anasi anazolika. Aleck anafunafuna bodza, koma silinabwere.

"Ndine, mayi. Kumunda ndimapita nditamubereka, anthu akundiseka. Chonde, musakanene. Akuchikazi andilanda mwanayu."

"Ndikanene kwa yani? Ine ndabwera kudzaona mwana ndi amene amamulera. Takhalani apa, bambo."

Aleck anakhala pamphasapo. Mwai anakwawa, nagwira malaya a bambo ake, n'kuyamba kuwakoka ndevu uku akusisima. Aleck anamuyankha ndi kaluzu kakang'ono, mwana naseka misozi ili m'masaya. Namwino anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo Anasi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ponyamuka, a Wezzie anaima atagwira kale njinga yawo.

"Akadzabwera akuchikaziwo, musadzabwerekenso munthu. Mudzangomunyamula chonchi, adzaone okha."