Atasalaza Chulu cha pa Halo

Amayi anamwalira Lachinayi m'mawa nkhuku zitangotsika, ndipo chinthu choyamba chimene ndinagwira nditawatseka maso chinali foni. Musandifunse kuti ndinalira nthawi yanji, kulira kunadikira kaye. Ife Asilamu maliro sitigoneka. Munthu akatisiya m'mawa, dzuwa lomwelo limamuona akulowa m'manda. Ndiye ine ndinali ndi maola owerengeka oti ndimupeze mlongo wanga Bilal, amene amachita kabaza wa njinga yamoto ku Chiponde, kunyamula anthu ndi katundu wa pa boda.

Nkhani yake ndi iyi. Mkazi akamwalira, omulandira m'manda amakhala amuna a magazi ake, mwana wake kapena mlongo wake. Ife akazi kumanda sitipita, timathera pakhomo. Amayi mwana wamwamuna anabereka mmodzi yekha, Bilal yemweyo. Mlongo wawo analipo, amalume Che Wadi, koma amenewa ndi amene anagulitsa dimba la amayi kwa munthu wa m'tauni eni ake ali gone m'chipatala, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi awiriwa sanapatsane ndi salamu yomwe. Amayi atayamba kufooka anandigwira dzanja nati, "Rahma, ondilandira akhale Bilal. Manja a Wadi asandikhudze." Ndinalonjeza. Ndinalonjeza mosavuta, chifukwa kuchokera ku Chiponde kufika kwathu kuno kuseri kwa Lungwena ndi maola atatu basi pa njinga yamoto, makamaka woyendetsa akakhala wopenga ngati Bilal.

Foni inalibe netiweki. Zimenezo sizinandidabwitse, m'nyumba mwathu netiweki sinalowemo chiyambire. Mudzi wonse wa kwa Nkwanji tinali ndi malo amodzi oimbirapo foni, chulu chachikulu kuseri kwa msika chimene anthu anachisandutsa dzala kalekale. Phulusa, mamba a nsomba, maukonde otha ntchito, majumbo, zonse zinkathera pomwepo, chulu nkumakwera chaka ndi chaka. Tsiku lina wina anatulukira kuti ukaima pamwamba penipeni nkuyang'ana kumapiri, timizere tiwiri timabwera pa foni. Basi, tinapatcha pa Halo. Fungo linalipo, ntchentche zinkalowa ndi m'kamwa momwe ukamalankhula, koma azimayi amene amuna awo ali ku Joni maukwati awo analimbira pa dzala limeneli.

Kenako boma linatikumbukira. Kunabwera galimoto ya chinkuzamawu kudzalengeza zinthu ziwiri. Choyamba, atimangira nsanja ya netiweki ndi intaneti ya kumidzi, ana athu aziphunzira pa foni ngati ana a ku Blantyre. Chachiwiri, khomo lililonse lizilipira zinyalala mwezi ndi mwezi, galimoto izibwera kudzatola. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Zinyalala zathu zimadyedwa ndi mbuzi, ndiye tilipire mbuziyo kapena? Koma tinalipira, boma sukangana nalo. Nsanja inamangidwadi, chichitsulo chachitali chofiira ndi choyera pambali pa bwalo la sukulu. Kungoti sinayatsidwe, akuti ikudikira bwana wamkulu wa ku Lilongwe kuti adzatsegulire. Galimoto ya zinyalala nayo inabwera kamodzi kokha, itatsogozana ndi thirakitala, Lolemba la sabata yomwe amayi anamwalira. Akuti bwana sangadutse pa msika nkuona dzala, ndi manyazi. Pofika masana pa Halo panali see ngati bwalo la mpira, ndipo mafoni onse m'mudzi anangoti zii.

Malo ena opezeka netiweki anali kumsewu waukulu, ulendo wa maola awiri wapansi, mumchenga wokhawokha. Njinga za m'mudzi, zakapalasa ndi zamoto zomwe, a komiti yokonza mwambo wa nsanja anali atazitenga m'bandakucha kukanyamula magulu a zovina ku midzi ya kutali, chifukwa Lachinayi lomwelo ndilo linali tsiku la bwana. Ndinafunda mpango nkuthamangira kusukulu.

Ndinapeza a Ellard, mkulu wa kuboma amene ankayendetsa mwambowo, munthu wa ku chigawo chapakati amene anangomutumiza kuno, ali kalikiliki ndi mipando ya pulasitiki. Ndinawafotokozera. Anapepesa bwinobwino, ndi chipewa chomwe anavula, sindingawanamizire. Kenako anandiuza kuti ndisadzivute ndi kuyenda, bwana afika 10 koloko, adina batani, netiweki idzaza mudzi wonse, ndiimba ndili pakhonde panga. Anandionetsa ndi pulogalamu yomwe, yotayipa, ya chidindo pansi pake. Anawonjezera kuti ngakhale zitachedwa pang'ono palibe vuto, si maliro amagona, mlongo wanuyo apeza mwambo mawa. Ndinawauza kuti kwathu kuno maliro sagona. Anangoti ooh, maso ali kale pa mipando.

Apa ndi pamene ndinapusa, ndipo kupusa kumeneku ndidzafa nako. Nthawi inali 8 koloko. Ndinati kumsewu ndikafika 10 koloko, nsanja ayatsa 10 koloko, nanga ndiyenderanji? Komanso amayi ankafunika kusambitsidwa, mwana wamkazi ndine ndekha. A Awa, mnzawo wa amayi wa nyumba yoyandikana nafe, anadzipereka kuti apite iwowo kumsewuko ndi foni yanga. Ndinawakaniza, ndinati ndi miyendo yanu yotupayo mukafika liti, tiyeni tidikire. Ine Rahma, amene ndagulitsa usipa zaka makumi awiri osapusitsidwapo ndi wogula aliyense, ndinakhulupirira pepala chifukwa cha chidindo.

Tinawasambitsa amayi, ine ndi a Awa ndi azimayi awiri a kumzikiti, nkuwaveka sanda, nsalu yoyera ya maliro. Foni ndinaiika pawindo. Ndimati ndikathira madzi ndiyang'ane, ndikathira ndiyang'ane, mpaka a Awa anandikalipira kuti mwana iwe, sambitsa mayi wako ndi maso onse awiri. 10 koloko inakwana. Kusukulu ng'oma zinali m'kati, azimayi akuimba nyimbo zoyamika chitukuko, pa foni palibe ndi kamzere komwe. 11 koloko chimodzimodzi. Munthu wina wochokera kubwalo anati bwana ali ku Liwonde, akutsegulira kaye zina kumeneko. Winanso anati bodza, wafika kale m'tauni, mphindi makumi atatu ali pano. Nthawi iliyonse imene ndinkamanga chitenje kuti ndinyamuke, pankabwera wina ndi mphindi makumi atatu zakezo, ndipo mphindi makumi atatu ndi zochepa kuposa maola awiri. Ndinkakhalanso pansi.

A shehe anali atakonza zoti maliro anyamuke ikatha swala ya masana, pemphero la kumzikiti. Ndinapita kukawagwadira pafupi ndi mpanda, nkuwapempha kuti adikire mwana wa malemu. Anandimvera chisoni. Anati adikira mpaka swala ya alasiri, cha m'ma 3 koloko ndi theka, koma osapitirira pamenepo. Manda akumbidwa kale, dzuwa la Okutobala likuwotcha chonchi, ndipo kumuchedwetsa womwalira ndi kumulakwira. Sindinawatsutse, ankanena zoona. Amalume Che Wadi anali pomwepo pa mkeka wa amuna, atavala kanzu yoyera yochita kusita, akulandira chipepeso ngati munthu amene wataya mlongo wa pamtima. Anakweza mawu kuti aliyense amve, akuti ndisade nkhawa, iwo alipo, ntchito ya pabanja sangaithawe. Ndinaluma mpango kuti pakamwa pasatuluke kanthu.

Itadutsa 12 koloko, njira ya kumsewu inali itafa kale. Ngakhale nditathamanga bwanji, Bilal sakanafika. Kunatsala nsanja basi, ndipo nayonso inkafunika iyake nthawi yomweyo. Ndinabwerera kusukulu wosavala ndi nsapato zomwe.

Anthu anali atauma ndi dzuwa, ana a sukulu atawandandalika m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, ovina atakhala pansi pa mitengo akudzipepesa ndi zitenje. A Ellard ndinawapeza kuseri kwa tenti akulankhula ndi bambo wina wa ovololo, a Bonface, katswiri amene anaika zipangizo pa nsanjapo. Ndinamva ndi makutu anga a Bonface akunena kuti zonse zili bwino, iwo angodikira chizindikiro bwana akadina, chifukwa batani la pa tebulo lija ndi lachionetsero chabe, choyatsira chenicheni chili m'kabokosi pansi pa nsanja.

"Ndiye kuti ikugwira ntchito?" ndinafunsa.

"Kuyambira sabata yatha, mayi. Tinaiyesa kale," anatero a Bonface asanadziwe kuti ndine yani.

Ndinatembenukira kwa a Ellard. "Bambo, ndiyatsireni mphindi imodzi. Imodzi yokha. Ndinene mawu atatu, muzimitse."

Anapukuta thukuta nkuyang'ana pansi. "Mayi, tikayatsa, mafoni onse m'bwalo muno alira. Anthu adziwa kuti yayaka bwana asanadine, a wailesi ali apawa. Mawa ine ntchito ndilibe. Pepani, ndili ndi ana."

Ana! Ngati amayi anga analibe mwana. Ndinawagwira mwendo, ine mayi wamkulumkulu kugwada m'fumbi pamaso pa anthu. A Bonface anayang'ana kabokosi kaja, anayang'ana a Ellard, nkuika makiyi m'thumba. Pamenepo ndinaimirira ndi kuwauza mawu amene sindingabwereze pano, osayenera munthu wa pa maliro. Wapolisi anandigwira mkono ndi kundiperekeza mpaka kumsewu, mwaulemu ndithu, akundiuza kuti ndisaononge tsiku la chisangalalo.

Ndinabwerera kukakhala pambali pa amayi. Sindinayang'anenso foni. Ndinkangoyang'ana sanda, nkumawauza mumtima kuti amayi ndalephera, ndikhululukireni.

Bwana anafika itadutsa 3 koloko, galimoto khumi ndi zingapo, fumbi mpaka kulowa m'nyumba ya maliro. Chinkuzamawu chinali champhamvu moti zonse tinkazimva tili pakhomo. Anayamba ndi kupepesa chifukwa chochedwa pang'ono. Pang'ono! Kenako anati lero mudzi wa kwa Nkwanji walumikizidwa ndi dziko lonse lapansi, palibe munthu wa kumudzi amene atsalire m'mbuyo. Anayamikiranso kuti m'mudzi mwathu ndi mwaukhondo, sanaonemo dzala ngakhale limodzi, umboni woti kulipira zinyalala kuli ndi phindu. Anthu anawomba m'manja. A Awa analavula pansi.

Azana yoitanira anthu ku swala ya alasiri inalira bwana asanamalize. Amuna anapita kumzikiti nkubwerako. Analowetsa jeneza, chonyamulira maliro. Tinawanyamula amayi ife akazi kuwaika m'menemo, ine ndinagwira kumutu, anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Amuna analandira pakhomo, analitsitsa pabwalo, anayala mizere nkuwaswalira amayi. Amalume anakankha anzawo kuti agwire kutsogolo, dzanja lamanja.

Jeneza litangokwera pa mapewa, kusukulu kunamveka kuwerenga manambala koti bwana adine batani, chinkuzamawu chikutsogolera, kenako nthungululu ndi ng'oma. Nthawi yomweyo mafoni onse pa maliro analira. M'mfundo za zitenje za azimayi, m'matumba a amuna amene anasenza amayi, m'kanzu ya a shehe, mauthenga a masiku anayi akulowa nthawi imodzi, iyi kulira nyimbo, iyi kulira ngati tambala. Amuna anapitiriza kuyenda akunena La ilaha illallah, matumba awo akuimba. Chinthu chonyansa ngati chimenechi sindinachionepo.

Ndinatenga foni pawindo nkuimba. Inangolira kamodzi.

"Achemwali!" Bilal ankaseka, injini ya njinga ikumveka kumbuyo kwake. "Lero mukumveka bwino bwanji? Mwakwera mumtengo? Masiku anayi ndikukusakani. Amayi ali bwanji, tandipatseni ndiwamve."

Mawu ake anali pafupi ngati waima pakhonde pomwepo. Ndinamuuza. Sindinazungulire, ndinalibe mphamvu yozungulira. Injini inazima. Anafunsa kuti liti, ndinati m'mawa nkhuku zitangotsika. Anafunsa kuti nanga tsiku lonseli munali kuti. Anati akunyamuka pompano, ndiwauze a shehe adikire, maola awiri ndi theka ali pano, ayendetsa ngati sanayendetsepo.

Ndinatuluka mpaka pa chipata cha mpanda, malire a ife akazi. Jeneza linali likukhota pa mtengo wa bwemba, njira ya kumanda. Ndinamuuza kuti anyamuka kale, ndikuwaona akupita. Pa foni ndinkangomva magalimoto a pa boda akudutsa. Atalankhulanso mawu ake anali aang'ono, ngati mmene ankalankhulira ndikumubereka kumsana.

"Achemwali, ndiye awalandira ndani?"

Ndinafuna kunena kuti halo, halo, sindikukumva. Ndinayang'ana foni, timizere tonse tinali todzaza mpaka pamwamba. Ankamva ndi kupuma kwanga komwe.

"Amalume," ndinatero.