Ndime Yanga ya Kukhoma

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, anandilanda ndime m'dimba la gulu chaka chimene bondo langa linatupa. Anandilanda dzuwa likuswa mtengo, anthu akumuwombera m'manja.

Dimbalo lili kuseri kwa nyumba zathu za lendi, pamalo pamene kale pankatayidwa zinyalala. Tinazula mabotolo ndi zidutswa za malata ndi manja athu, n'kugawana ndime. Ine ndinapatsidwa ya kumapeto, yotsamira khoma. Mlamuyo tinamusankha kukhala wapampando wa komiti ya dimbalo chifukwa pakamwa pake m'poterera, ndipo lamulo lake loyamba linali lakuti ndime yomera thengo imalandidwa n'kupatsidwa wina.

Bondo litatupa ndinakhala m'nyumba dzinja lonse. Tsiku limene ndinatuluka, ndodo m'manja, ndinapeza udzu wafika m'chiuno. Paipi yodutsa m'mbali mwa khoma inali itang'ambika, madzi n'kudzaza dzenje limene ndinakumba kuti ndiziikamo manyowa. Achule anali atasamukiramo ndi mabanja awo. Mpiru unali utakula mpaka kuchita maluwa, njuchi zikungolirapo.

Sabata yomweyo mayi wa ndime yoyandikana ndi yanga anandiuza kuti kukubwera alendo a bungwe loona zachilengedwe, kudzayendera dimba lonse. Munthu wa msinkhu wanga salembedwanso ngakhale ntchito ya ulonda, ndipo ndiwo zanga zonse zinkachokera pa ndime imeneyo. Ndinadziwa kuti alendo akaona thengo langa, komiti ipeza chonamizira.

Kutatsala tsiku limodzi ndinabwereka chikwakwa. Ndisanadule ngakhale pang'ono, mlamu anatulukira akuthamanga, mimba ili patsogolo.

"Alamu, ikani pansi chimenecho."

"Ndikulambula. Mawa musadzati ndakuchititsani manyazi."

"Musakhudze ngakhale kaudzu kamodzi. Pitani mukapumitse bondolo."

"Mwayamba liti inu kundimvera chisoni?"

Anaseka. "Inu alamu, munthu akakupatsani moni mumayamba mwafufuza m'thumba ngati wakuberani."

Chikwakwacho anachitenga n'kumapita nacho. Mumtima ndinati munthu uyu akufuna alendo aone ndi maso awo, kuti pondichotsa pasadzakhale wondiikira kumbuyo.

Ndinapita kwa mlongo wanga. Ndinamupeza akusita malaya oyera a mwamuna wake.

"Achimwene, mumaganiza kwambiri," anatero. "Bambo a kuno akuti ndime yanu ndiye yofunika kuposa zonse."

"Yofunika kwa ndani?"

Anatembenuza malaya n'kuyamba kusita kolala.

Alendowo anabwera m'mawa, mayi wa chipewa chachikulu ndi bambo wonyamula kamera. Ndime za anzanga, zopalira bwino, mizere yowongoka, anangozidutsa akugwedeza mutu. Ine ndinali kumbuyo kwa gulu, ndikubwereza mumtima mawu opepesa. Atafika kukhoma, mayiyo anaima. Anagwada m'matope ndi siketi yake yabwinoyo, n'kuyang'ana m'dzenje nthawi yaitali. Tombolombo wofiira anatera pa udzu pafupi ndi mphuno yake. Wakamera anakweza kamera yake pang'onopang'ono.

"Ndani anasiya malo ano chonchi?" mayiyo anafunsa osatembenuka.

Ndinafuna kunena za bondo, za paipi, koma ndinaona maso a komiti yonse ndipo ndinangoyang'ana pansi.

"Tinakambirana monga komiti," anatero mlamu wanga, "koma maganizo anali anga, mayi."

Ndikuuzeni zoona, mtima wanga unakhala pansi. Ndinati kodi munthuyu ndakhala ndikumunamizira, taonani wasenza mlandu wanga. Mpaka pamene mayi uja anadzuka n'kumugwira chanza ndi manja awiri. Anati m'dera lonse sanaonepo achule a mtundu umenewo chiyambire kumangidwa kwa nyumba, ndipo madimba ena ayenera kudzaphunzira kuno. Wakamera anaimika mlamu pakati pa mpiru wanga n'kumujambula. Ine anandipempha kuti ndisunthe pang'ono, mthunzi wanga unkawononga chithunzi.

Mphotho yochokera ku bungwe lija inabwera mwezi wotsatira: chikho chonyezimira ndi mpukutu wa waya. Tinasonkhana pansi pa shedi ya zipangizo. Mlamu anayankhula mpaka miyendo yanga inachita dzanzi, kenako anati ndime ya kukhoma tsopano ndi malo otetezedwa, sipalowanso khasu. Anthu anawomba m'manja.

Ndinaimirira. "Nanga ine ndizilima pati?"

"Ikapezeka ina tikuuzani, alamu."

"Ndime ndi yanga. Dzenje ndinakumba ndine."

"Munakumba la manyowa," anatero, anthu n'kuseka. "Ndiponso lamulo mukulidziwa, munaliwombera m'manja nokha. Ndime yanu inamera thengo."

"Ndinabwera ndi chikwakwa, munandiletsa ndinu."

Anayang'ana anthu, manja ali chotambasula. "Alipo anandiona?"

Mayi wa ndime yoyandikana ndi yanga, amene tsiku lija ankathirira anyezi wake pomwepo, anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato. Mlongo wanga ankapukuta chikho ndi nsonga ya nsalu yake.

Waya anamanga tsiku lotsatira, ine ndili kuchipatala kukaonetsa bondo. Pachitseko anaika loko, kiyi ali m'thumba mwa wapampando. Ndime ina mpaka lero sinapezeke. Masamba ndimapatsidwa ndi mlongo wanga, otsala, atakulunga m'pepala, ndipo amabwera nawo mwamuna wake akachoka.

Ndimapitabe kukhomako, kukaima kunja kwa waya. Nsapato zanga zolimira zinatsekeredwa m'katimo, pansi pa mtengo wa papaya pamene ndinkazisiya. Ndikazipempha, amandiuza kuti mawa. Dzulo ndinapeza mlamu akuonetsa alendo ena nsapato ya kumanzere, yogona cham'mbali. Kambalame ka timba kamangamo chisa.

"Izi tinaziika dala," ankawauza motsitsa mawu. Atandiona ndikutsegula pakamwa, anaika chala pamilomo n'kuloza mbalameyo, kuti ndingaidzidzimutse.