Mphete ya pakhosi

Kusukulu ya unamwino tinkaloweza zoti wodwala ndi munthu wathunthu, osati manambala a pa makina. Mayeso ake ndinakhoza bwinobwino, koma kunena zoona, mzere wa kusikelo ukatalika ine ndimangoona mikono.

Tsiku limenelo mkono wa nambala sikisitini unali wa mayi wina wosoka zovala, mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Magazi ake anali akuthamanga kwambiri.

"Ndi masitepe anuwa, anamwino," anatero akuseka. "Amene anawamanga sanakhalepo ndi pakati."

Ndinamuuza kuti apume mphindi zisanu, mapazi pansi, pakamwa potseka. Podikirapo m'pamene ndinamuyang'ana bwino. Anali atavala nsapato zachimuna, mapazi atatupa, ndipo mphete yaukwati inali pakhosi, pa ulusi wofiira wosokera.

"Mpheteyo inakana liti chala, mayi?"

"Sabata yatha. Kunenepatu uku."

"Nanga mutu?"

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinapsa mtima, osabisa, chifukwa kubisa mutu pa matenda amenewa n'kusewera ndi miyoyo iwiri. Ndinatsala pang'ono kumukalipira, koma ndinaona kuti anali ndi mantha. Ndinatseka chitseko n'kukokera mpando pafupi.

"Mimba yoyamba ndinanena za mutu," anatero chapansipansi. "Anandigoneka, ndinabwerera kunyumba chimanjamanja. Ndiye ulendo uno ndinati ndingokhala chete, mwina ameneyu ndimunyamula."

Ndinamugoneka cha kumanzere, n'kuika kachipangizo komvera mtima pamimba. Kamtima kanamveka chipinda chonse, kofulumira ngati makina ake osokera.

"Mwamumva? Ali bwino. Chimene chinakulandani mwana uja si pakamwa panu, mayi, ndi matendawa. Akakula amamana mwana chakudya m'mimbamo. Lero tawapezerera. Koma mutu umenewo ine sindingaumve, mwini wake ndinu."

Anamvetsera kwa nthawi ndithu, dzanja lili pa mphete.

"Ukupweteka kuyambira Lolemba. M'masomu mukuwalanso tinyenyezi."

Ndinathamanga kukaitana adokotala. Anamugoneka, anayamba mankhwala, ndipo m'mawa uliwonse iye ndi amene ankayamba kundiuza za mutu ndisanafunse. Patatha masiku naini anabereka kamtsikana kochepa thupi koma kaphokoso.

Atabweranso kusikelo ndinatenga makina oyezera kuthamanga kwa magazi mwachizolowezi. Iye anabisa mkono kumbuyo, mwana ali pachifuwa, n'kundionetsa dzanja linalo, mphete itabwerera pachala.

"Ayi, anamwino. Yambani mwaona chala."